Makina Akhale Mboni, Dokotala Akhale Woweruza

M'chaka cha 2024, akatswiri a ku Washington University mumzinda wa St. Louis, mogwirizana ndi anzawo a ku Caltech, analengeza kuti anaphunzitsa kompyuta kuzindikira, poyang'ana zithunzi za timinofu todulidwa m'mapapo a odwala 118, ngati khansa ya m'mapapo imene yangoyamba kumene idzafalikira ku ubongo. Ataiyesa pa odwala ena 40, kompyutayo inalosera molondola ka 87 pa 100, pamene madokotala anayi ozolowera kusuzumira pa maikulosikopu analondola ka 57 pa 100 chabe.

Ndithudi nkhaniyi ndi yokondweretsa, pakuti khansa ikalowa mu ubongo munthu amagwa khunyu, dzanja limalefuka, lilime limalemera, ndipo mayi amene dzulo anali mzati wa banja amaiwala ndi mayina a ana ake omwe. Dokotala akanadziwiratu amene ali pa ngozi yotere, akanamuyang'anira mosamala, osazunza ndi mankhwala owawa mnzake amene khansa yake sidzayenda ulendo umenewo.

Komabe ndikutsutsana kotheratu ndi iwo amene ayamba kale kuimbira makinawa m'manja ngati mneneri wotsika kumwamba, nanena kuti maso a dokotala atha ntchito. Odwala 40 ndi ochepa kwambiri kuti tiikepo miyoyo ya mitundu yonse ya anthu. Ndiponso makinawa, ngakhale alondole, satiuza chimene aona m'minofumo, kotero kuti tsiku limene adzaphonye palibe amene adzadziwe pamene panakhota. Kodi ndi mfumu iti ya nzeru imene imagamula mlandu wa moyo ndi imfa pomvera mboni imodzi yokana kufunsidwa mafunso?

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makinawa ayesedwe m'zipatala zambiri, pa anthu zikwizikwi, kuphatikizapo ife a mu Africa, amene matupi athu sawerengedwa kawirikawiri pamene nzeru zotere zikuumbidwa. Akapambana mayeso amenewo, tiwalandire ndi manja awiri. Koma udindo wokhala pansi ndi wodwala, kumufotokozera choonadi, ndi kuyankha mlandu zinthu zikalakwika, ukhalebe pa phewa la dokotala, ndipo boma lililonse lofuna kugula makinawa liyambe lakhazikitsa zimenezi m'malamulo.