Lekani Kunyoza Kakompyuta Aka

Inu acinyamata a ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu ndi ku Kabushi, tamverani kuno. Pali bodza limene lamera mizu m'magulu athu, ndipo lifunika kuzulidwa. Bodza lake ndi lakuti kompyuta ndi ya ana a mabwana a ku Parklands ndi ku Kansenshi, ndipo kuti ife a m'komboni tiyembekeze kufikira mzungu wina wacifundo atatitumizira makompyuta otha nchito. Kodi tidzayembekeza mpaka liti?

Kuyambira mu 2012 kuli kompyuta yochedwa Raspberry Pi, imene kukula kwake kufanana ndi khadi la ku banki. Anaipanga ndi Eben Upton ndi anzace ku Cambridge, m'dziko la England, ataona kuti acinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta pa yunivesite anali kucepa, ndipo amene anali kubwera sanali kudziwa bwino kulemba mapulogramu. Pamene inatuluka mtengo wake unali madola 35, ndipo mu 2015 anatulutsa kang'ono kwambiri, Pi Zero, pa madola 5. Kuno mtengo umakwera cifukwa ca msonkho ndi mayendedwe, inde, koma sungafike pa mtengo wa laputopu yatsopano.

Mukakaona mudzaseka. Ndi kathabwa kobiriwira cabe, kopanda bokosi, kopanda galasi loonerapo. Koma lowetsani memori khadi yonga ya mu foni, lumikizani kiyibodi ndi mausi, kokani nthambo ya HDMI kupita ku TV, bayani chaja ya mavoti 5. Basi, kompyuta yayaka. Mungalembepo kalata, mungasungepo maakaunti a gulu, mungaphunzirepo Scratch ndi Python, ndipo mapulogramu onsewa salipilitsa ngakhale ngwee imodzi.

Ndidziwa cimene ena a inu mukunena: "Foni yanga ndi yokwanira." Yokwanira pa ciani, mbale wanga? Foni anaipanga kuti inu muzigula bando, muzipenya zimene ena apanga, ndipo ena a inu muzitayirapo ndalama pa kubecha mpira. Simungaitsegule. Simuloledwa kudziwa za m'kati mwake. Kakompyuta aka kali ndi timapini 40 toonekera poyera, ndipo anatisiya dala pamtunda kuti inu mulumikizepo zinthu. Lero mulumikiza kababu kamodzi ndi kulemba mizere isanu ya Python kuti kaziyaka ndi kuzima. Mawa ndi belu lolira malaiti akabwera usiku. Caka camawa ndi kacipangizo kozimitsa pampu thanki ikadzala. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo mukasokoneza mapulogramu palibe maliro: mufafaniza khadi, mulembanso, muyambanso.

Tsono yang'anitsitsani kathabwa kaja. Tinjira tating'ono timene tiyenda pamwamba pake ndi ta mkuwa. Mgodi wa Nkana wakhala ukutulutsa mkuwa kuyambira m'ma 1930. Agogo athu ndi atate athu analowa pansi, ena anatuluka ndi cifuwa, ena sanatuluke. Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa mu 2000 mabanja ambiri anatsala opanda nchito, ndipo tinaphunzira kuti kukumba kokha sikudyetsa mtundu. Mkuwa ucoka kuno pa mathiraki, ubwerera uli m'zipangizo za anthu ena, ife nchito yathu ndi kudina cabe. Kodi si manyazi amenewa kwa mwana wa ku migodi?

Ena akuti, "Nanga malaiti?" Funso labwino. Sitinaiwale 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kukhala mu mdima pafupifupi tsiku lonse. Koma apa ndiye pamene kakompyuta aka kapambana makompyuta akuluakulu aja amene muyembekeza. Chaja ya Raspberry Pi 4, imene inatuluka mu 2019, ndi ya mawati 15 cabe, ndipo pawa banki yabwino kapena kasola kali ndi batire kangathe kukayendetsa. TV ifuna malaiti, n'zoona. Komabe pali nchito ina yosafuna TV konse. Mukaikamo pulogramu yochedwa Kiwix, kakompyuta kamasunga Wikipedia ndi mabuku ena pa khadi, kenaka kamatulutsa Wi-Fi yakeyake. Aliyense wokhala m'holo awerenga pa foni yake, popanda intaneti, popanda bando. Ganizirani mlongo wanu amene ali pafupi ndi mayeso.

Kumbukiraninso za 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies. M'masukulu ambiri makompyuta anali owerengeka, ana anali kusinthana, ndipo ena analemba kufikira usiku. Tinadandaula, tinadzudzula boma, ndipo tinali ndi cifukwa. Koma magulu athu anacitapo ciani kuyambira pamenepo?

Musanene kuti ndalama kulibe. Ya yunifomu yatsopano ya kwaya imapezeka. Ya masipika, ya basi yopita ku msonkhano, ya zitenje zofanana, imapezeka. Sindidana ndi kwaya, inenso ndikonda nyimbo, koma yunifomu sinaphunzitsepo munthu luso.

Sindikunamizani kuti ndi kacipangizo ka matsenga. Sikathamanga monga laputopu yodula. Kafuna kabokosi kokateteza ku fumbi, ndipo malaiti akazima mwadzidzidzi khadi imatha kuonongeka, motero sungani khadi yaciwiri. Kafunanso wophunzitsa, koma ameneyo si wosowa. M'mipingo yathu muli ophunzira a pa Copperbelt University ku Kitwe ndi a pa NORTEC ku Ndola, amene timangowapempha kunyamula mabenchi.

Ndipo mukagula, conde a Cheyamani, musakakhomere m'kabati ya abusa ngati mbale za alendo. Kakhale pa tebulo tsiku la Ciwelu, ndipo atsikana akhale pa kiyibodi nthawi yofanana ndi anyamata, osati kuimirira kumbuyo.

Pa msonkhano ukubwerawu imikani dzanja. Funsani a msungicuma kuti caka catha gulu linaononga zingati pa yunifomu, ndipo yankho lilembedwe m'maminiti.