Magetsi a mphepo tikuwafuna, koma miimba isafere pamenepo

Ngati mukuwerenga izi batire la foni litatsala pang'ono kutha, sindikufunika kukuuzani kuti magetsi ndi nkhani yaikulu. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, tinaona tonse kuipa kodalira mtsinje wa Shire wokha. Choncho munthu akanena zopanga magetsi ndi mphepo, ine ndimavomera msanga. Koma ndisaname, ndili ndi nkhawa ndi mbalame.

Nsonga za mapiko a makina a mphepo zimatha kuthamanga kuposa makilomita 200 pa ola. Muimba ukamauluka umayang'ana pansi kufunafuna nyama yakufa, kutsogolo suonako bwino. Ukagundidwa, basi kwatha. Ndipo muimba umaikira dzira limodzi lokha pa chaka, kotero ukafa umodzi sulowedwa m'malo msanga.

Mwina mukuti, muimba eti? Mbalame yonyansa ija? Inde, yomweyo. Imadya nyama zakufa zisanayambe kufalitsa matenda, ntchito yomwe palibe amailipira. Mu 2015 bungwe la IUCN linaika mitundu ina ya miimba ya mu Africa pa gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu.

Tengani chitsanzo cha Kipeto, ku Kajiado m'dziko la Kenya. Kumeneko kuli makina 60 opanga mamegawati 100, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2021, kufupi ndi matanthwe omwe miimba imaswerapo. Okonda zachilengedwe anadandaula, ndipo kudandaulako kunathandiza. Lero kuli anthu olembedwa ntchito yoyang'ana kumwamba tsiku lonse. Akaona muimba ukuyandikira, amauza anzawo ndipo makinawo amaimitsidwa kwa kanthawi. Ena amayendera malowo kuchotsa ziweto zakufa kuti zisakope miimba.

Ku Norway, pa chilumba cha Smøla, anapaka utoto wakuda phiko limodzi mwa atatu a makina ena. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti imfa za mbalame pa makinawo zinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 zilizonse.

Komabe, ndikuona kuti chachikulu ndi malo. Ku Altamont Pass, ku California, anamanga makina ambirimbiri m'zaka za m'ma 1980 pamalo pomwe ziwombankhanga zimasaka, ndipo zakhala zikufa kwa zaka zambiri. Utoto sungakonze cholakwa chotere.

Kuno kwathu miimba inabwereranso ku Liwonde National Park atabweretsako akambulumbulu otchedwa cheetah mu 2017. Zingakhale zochititsa manyazi kuitayanso chifukwa cha phuma.

Pempho langa ndi ili: kampani iliyonse yofuna kudzala makinawa kuno iyambe yawerenga mbalame za pamalopo kwa chaka chathunthu, lipoti lake liikidwe pa intaneti, ndipo chilolezo chinene poyera kuti makina aziima mbalame zikayandikira. Ife achinyamata tizifunsa za lipotilo maziko asanakumbidwe.