Malonda a Kunja Ayambire ku Tsangano

Palibe boma limene lalamulira dziko la Malaŵi lopanda kulonjeza kuti lidzakweza malonda a kunja. M'chaka cha 1971 kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Export Promotion Council kuti lizifunira katundu wa dziko lino misika m'maiko ena. M'chaka cha 1991 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo limene linabala bungwe la Malawi Investment Promotion Agency, loti lizikopa anthu achuma akunja kudzatsegula mafakitale kuno. Mabungwe aŵiriŵa anaphatikizidwa mu 2012 n'kukhala Malawi Investment and Trade Centre. Ndondomeko yoyamba ya malonda a kunja inayamba mu 2013, yachiŵiri mu 2021. Nduna ndi akuluakulu a boma ayenda maulendo ambirimbiri, aonetsa tiyi, khofi ndi mtedza m'zionetsero za kutsidya kwa nyanja, ndipo asayina mapangano osaŵerengeka.

Nanga phindu la zonsezi lili kuti? Katundu amene dziko lino limagula kunja ndi wa ndalama zochuluka pafupifupi katatu kuyerekeza ndi amene limagulitsa, ndipo pa zochepa zogulitsazo fodya ndiye akadali mutu. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Magalimoto anagona pamizere yodikira mafuta chifukwa ndalama zakunja zinasoŵa. Vuto silili m'kuchepa kwa maulendo kapena mapangano ai. Boma lakhala likuthamangira kukafuna ogula lisanakonze njira yoti katunduyo achoke kumunda. Wofuna umboni apite ku Tsangano.

Tsangano ndi dera la m'mapiri a Kirk Range, m'boma la Ntcheu, m'malire ndi dziko la Mozambique. Ndi malo okwera, ozizira, a nthaka yachonde. Mbewu zimene zimakanika m'zigwa zotentha kumeneko zimachita bwino: mbatata ya kachewere, kabichi, nsawawa, nyemba ndi tirigu. Wodya tchipisi pachiwaya ku Limbe kapena ku Balaka kaŵirikaŵiri amakhala akudya thukuta la mlimi wa m'mapiri ameneŵa. Alimi ake sanachite kuphunzitsidwa ndi nduna kuti ulimi ndi malonda. Analidziŵa kale phunzirolo.

Chimene chawasautsa kwa zaka makumi ndi msewu. Msewu wochoka pa M1 kudzera ku Tsangano ndi ku Neno mpaka ku Mwanza walonjezedwa ndi maboma otsatizanatsatizana, makamaka chisankho chikayandikira, koma ntchito yake yayenda ngati bilimankhwe. Mvula ikagwa pamsewu wadothi wa m'mapiri, lole imatitimira, ndipo mwini lole amakweza mtengo wonyamulira kapena kukana kumene ulendowo. Mbatata si chimanga choti n'kuikidwa m'nkhokwe kudikira mtengo wabwino. Ikakumbidwa iyenera kupita, apo ai imamera kapena kuola. Venda amene wakwanitsa kufika kumunda amazidziŵa zimenezi, choncho ndiye amatchula mtengo, ndipo muyeso wake ndi thumba losokerera pamwamba kapena ndowa yophwanya m'mbali, osati sikelo. Mlimi amalandira chifukwa fodya ndi uyu ali pamphuno. Ena amaloza zala mavenda kuti ndi mbava. Koma venda ndi mwana wa msewu woipa. Msewu ukakhala wabwino ogula amachuluka, ndipo kuchenjera kwa munthu mmodzi kumatha mphamvu.

Tsono nduna ipite ku Dubai kapena ku Johannesburg, ipeze wogula mbatata. Wogulayo adzafunsa mafunso amene chikalata cha mgwirizano sichingayankhe. Adzafuna matani akutiakuti mwezi uliwonse, osadumphitsa. Adzafuna mbatata ya mtundu umodzi, yofanana kukula, yosatemeka ndi khasu, yokhala ndi chiphaso chotsimikiza kuti ilibe matenda. Mlimi wa ku Tsangano amabzala mbewu yosunga yekha kapena yogula kwa mnzake, imene imanka ifooka chaka ndi chaka ndi kufalitsa matenda a chiwawu ndi kufota. Alibe nyumba yozizira yosungiramo zokolola. Amagulitsa payekha, matumba asanu lero, aŵiri sabata ya maŵa. Kulonjeza wogula wakunja zinthu zili chonchi n'chimodzimodzi kuitana alendo ku ukwati moŵa usanafulidwe.

Nkhani ya tirigu ndiyo yochititsa manyazi koposa. Buledi, masikono ndi mandasi amene amadyedwa m'dziko muno tsiku ndi tsiku amachokera ku tirigu amene pafupifupi yense amagulidwa kunja ndi madola, n'kudzera m'madoko a ku Mozambique. Nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine mu 2022, mtengo wa buledi unakwera m'magolosale a ku Ntcheu ngati kuti nkhondoyo ikuchitikira pa Biriwiri. Chonsecho tirigu wakhala akulimidwa ku Tsangano ndi ku Neno kwa zaka zambiri, ngakhale kuti ndi wochepa. Inde, mapiri ameneŵa sangadyetse dziko lonse buledi. Koma dola imene yapulumuka posagula tirigu wakunja ili ndi mphamvu yofanana ndi dola yobwera ndi fodya: imagula mankhwala, feteleza ndi mafuta omwewo. Mlimi sangakuze munda wa tirigu popanda mbewu yabwino, makina opunthira ndi wogula wodziŵika, ndipo zinthu zitatuzi sizipezeka pachionetsero cha malonda.

Alipo amene amati mbatata ndi katundu wolemera, wosachedwa kuonongeka, wa mtengo wochepa, wosayenera kuŵerengedwa pa nkhani zikuluzikulu za chuma. Amati chuma chenicheni chili m'migodi, m'shuga, m'tiyi ndi m'mafakitale a anthu akunja. Ena mwa maganizo ameneŵa ndi oona. Palibe wanzeru amene angakweze mbatata yaiwisi m'ndege kupita nayo ku London. Koma kunja si ku Ulaya kokha. Msewu wa ku Tsangano umakathera ku Mwanza, pachipata chachikulu chotulukira ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Umadutsa ku Neno, kumene kumadutsanso njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala. Misika yoyandikana nayo imeneyi ndiyo imene mgwirizano wa malonda wa maiko onse a mu Africa, umene Malaŵi anauvomereza mu 2021, unalonjeza kutsegula. Komanso mwini fakitale amene boma likumunyengerera ndi kumuchotsera misonkho adzayamba wafunsa za msewu, magetsi ndi madzi. Akapeza kuti mlimi wa pamalopo akulephera kutsitsa mbatata yake kuphiri, adzaika ndalama zake kwina.

Boma lomwe likudziŵa kuti pali cholakwika. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa kunja katundu wosiyanasiyana, ndipo pamndandandawo panali mbatata ya kachewere. Tangoganizani: dziko lokhala ndi Tsangano, Dedza ndi Ntchisi linafika poti mbatata yakunja iletsedwe ndi lamulo! Masitolo akuluakulu ankaitanitsa mbatata kutali osati chifukwa chodana ndi alimi a kuno, koma chifukwa yakunjayo inkafika pa nthaŵi yake, yotsukidwa ndi yosankhidwa bwino. Mwezi wotsatira dziko la Tanzania linabwezera poletsa zokolola za ku Malaŵi, ndipo panafunika zokambirana kuti zipata zitsegukenso. Kutseka chipata kumatheka ndi cholembera tsiku limodzi, koma sikuika phula ngakhale pa kilomita imodzi, sikuchiza mbewu yodwala.

Zofunika ku Tsangano n'zodziŵika, ndipo si zodula kuposa nzeru zimene zayesedwa kale. Msewu umalizidwe mpaka ku Mwanza. Akatswiri a ku Bvumbwe apatsidwe ndalama zochulukitsira mbewu ya mbatata yopanda matenda kuti ifike kwa alimi pa mtengo wofikirika. Pamangidwe mosungira zokolola, ndipo alimi athandizidwe kugulitsa pamodzi ndi pasikelo, kuti wogula wa ku Blantyre kapena wa ku Tete azipangana ndi gulu lotha kudzaza lole sabata iliyonse. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ali ndi mphamvu pa ndondomeko ya chuma cha boma. Nduna ikabwera kudzapempha ndalama za ulendo wina wokafuna misika, aifunse kaye kuti pamsewu wa ku Tsangano pathiridwa phula makilomita angati chichokereni ulendo wathawu.