Bola saizi yoyandikana kusiyana ndi tayala la kaunjika

Matayala a galimoto timachita kuitanitsa kunja, ndipo chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula anayi nthawi imodzi kwasanduka nkhani yoyamba wakambirana ndi a kunyumba. Ukafika kwa ogulitsa, kaya ku Biwi, ku Limbe kapena ku Mzuzu, mawu ake ndi amodzimodzi: "Saizi yanuyo yavuta, bwana, koma ili likwana, ndiponso ndi lotsikirako mtengo."

Pamenepa eni magalimoto timagawikana. Ena amakana kwamtuwagalu, amati chimene anaika a ku Japan sachisintha. Ena amati bola lalowa pa rimu ndipo likuzungulira. Ine sindili mbali iliyonse mwa ziwirizi. Kusintha saizi ya tayala pofuna kupulumutsa ndalama kulibe vuto, ndipo nthawi zina kumathandiza pa misewu yathuyi. Koma wosankha akhale mwini galimoto atawerenga manambala, asasiyire mnyamata amene akufuna kuti katundu wake atuluke tsiku lomwelo.

Ndimayendetsa Toyota Vitz ya injini yaing'ono, ya 1,000cc, ndiye nditengera chitsanzo pomwepo. Pa chimango cha chitseko cha dalaivala pali kapepala komata kolembedwa 165/70 R14 81S. Nambala yoyamba, 165, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 70, ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa rimu kufika pamene limagunda pansi, ndi 70 peresenti ya kutambalala kuja. Ya 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Mukaphatikiza makoma awiri ndi rimu, tayala lonse likaimirira limatalika mamilimita pafupifupi 587. Nambala imeneyi sinalembedwe paliponse pa tayala, koma ndiyo mwini nkhani, chifukwa sipidomita, magiya ndi malo amene tayala limazunguliramo zonse anazikonza poganizira kutalika kumeneku. Odziwa za matayala amalangiza kuti latsopano lisasiyane ndi loyambalo kupitirira 3 peresenti.

Tiyeni tsono tiyese zimene ogulitsa amatitulutsira. La 175/65 R14, limene limabwera pa Honda Fit zambiri zakale, limatalika mamilimita 583. Kusiyana kwake sikufika ngakhale 1 peresenti, ndipo pa rimu ya Vitz limakhala bwinobwino. Popeza saizi imeneyi ili pa magalimoto ochuluka, sivuta kupeza, ndipo chinthu chopezeka paliponse munthu amatha kunenerera. La 175/70 R14, la pa Sienta zoyamba zija, ndi mamilimita 601, kutanthauza kuti laposa ndi 2.4 peresenti. Likadali mkati mwa malire, ndipo khoma lake lalitali limameza bwino maenje. Aliyense amene anapindako rimu pa M1 nthawi ya dzinja adziwa chimene ndikunena.

Mavuto amayambira pa 185/70 R14. Ambiri amalikonda chifukwa amati limakweza galimoto kuti isamakhule pansi pa mahampu ndi m'misewu ya fumbi. Limatalika mamilimita 615, kuposa loyamba lija ndi 28. Koma galimoto imakwera ndi theka chabe la nambala imeneyi, mamilimita 14, osafika ndi kunenepa kwa chala chachikulu. Malipiro ake ndi awa: pamene sipidomita inkayenera kuonetsa 84 imaonetsa 80, ndipo wapolisi wa kamera sadzamva zoti munasintha matayala. Ka injini kaja kamalemedwa ponyamuka, ndipo pa mapiri a Chiweta mudzakamvera chisoni. Mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, kapena mukadzaza anthu kumbuyo n'kugunda bampu, tayala likhoza kukhula mkati mwa madigadi. Eni a Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto asamale koposa, poti timagalimoto timeneti ndi ta 660cc ndipo malo a matayala ndi opanikizika kale.

Pali nambala ina imene pafupifupi palibe amene amaifunsa pogula, ija ya 81. Imanena katundu amene tayala limodzi lingasenze: 81 ndi makilogalamu 462, 82 ndi 475, 84 ndi 500. Chilembo chotsatira ndi liwiro limene tayala lingapirire, S kuimira makilomita 180 pa ola ndipo T kuimira 190, zimene kwa ife sizidetsa nkhawa kwenikweni. Koma ya katunduyi siyenera kutsika ngakhale pang'ono. Ndiye chifukwa chake mwini Vitz akhoza kuvala saizi ya Fit, koma mwini Fit amene kapepala kake kakuti 82 akavala ya Vitz ya 81 watsitsa mphamvu. Choipa kwambiri ndi kutenga tayala la Mira, 155/65 R14, poti ndi lotchipa ndipo rimu yake ndi 14 yomweyo. Likwana ndithu, monga ananenera wogulitsa uja. Koma ndi lalifupi ndi mamilimita 30, ndipo nambala yake kawirikawiri ndi 75, makilogalamu 387 okha. Tsono ife Amalawi galimoto sitiyenda nayo yopanda kanthu. Pochokera kumudzi muli anthu asanu, matumba awiri a chimanga, thumba la makala ndi nkhuku. Onjezani kutentha kwa phula la ku Chikwawa mu Okutobala, muone ngati mtengo wotsika uja uli ndi phindu.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anthu omwe amaumirira saizi yeniyeni ya pa kapepala ndi omwenso amathamangira matayala a kaunjika ndalama zikachepa. Amaona ngati asunga lamulo. Kwa ine, munthu amene wagula tayala latsopano la saizi yoyandikana wachita mwanzeru kuposa amene wagula logwiritsidwa kale ntchito la saizi yolondola. Manambala a saizi mungathe kuwawerengera pa foni muli chiimire. Mbiri ya tayala la kaunjika simungaidziwe. Mwina linayendapo lopanda mpweya wokwanira mpaka nsambo za mkati zinafooka, mwina linamatidwa pa khoma, ndipo ena amachita kusema mizere yatsopano pa tayala losalala kuti lioneke lamoyo.

Ngati thumba lakanitsitsa ndipo kaunjika ndiye njira yokhayo, yang'anani zinthu ziwiri. Pa khoma la tayala pali manambala anayi onena nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mphira umakalamba ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Chachiwiri ndi mawu akuti STUDLESS, kapena mayina monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Amenewa ndi matayala a nyengo ya chipale chofewa ku Japan, ndipo magalimoto ena amatsika pa doko la Dar es Salaam atavala omwewo. Mizere yake imaoneka yakuya, yokopa maso, koma mphira wake ndi wofewa, wopangira kuzizira. Pa phula lotentha amatha msanga, ndipo mukaponda mabuleki galimoto imapitirira kamtunda isanaime. Wogulitsa akamakuuzani kuti "ili ndi la ku Japan lenileni," sakunama, kungoti sakukuuzani kuti analipangira nyengo iti.

Ambiri sitikwanitsa anayi pakamodzi, timagula awiriawiri. Palibe cholakwika, malinga awiriwo akhale ofanana saizi ndi mtundu, ndipo avalidwe onse kutsogolo kapena onse kumbuyo. Kuika lalikulu kumanja ndi laling'ono kumanzere kumakoka galimoto mbali imodzi ndi kusokoneza mabuleki a ABS. Amakaniko ambiri amati atsopano apite kutsogolo poti ndiko kuli injini, koma opanga matayala amati apite kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterereka pa msewu wonyowa dalaivala wamba sangaibweze galimoto. Ndipo ngati Vitz kapena Passo yanu ndi ya 4WD, poti zoterezi zimabwera ndithu, musasakanize saizi ngakhale pang'ono: onse anayi akhale amodzi.

Choncho musanapite kokagula, tsegulani chitseko mujambule kapepala kaja. Wogulitsa akatulutsa saizi ina, werengerani kutalika kwake, onani ngati nambala ya katundu ikufanana ndi yanu kapena kuiposa, ndipo akamaliza kumanga, khotetsani chiwongolero mbali zonse ziwiri musanalipire. Zitatuzi zikakhala bwino, gulani latsopanolo mtima uli m'malo ngakhale saizi ikusiyana ndi ya pa kapepala. Chimodzi chikalephera, lisiyeni pomwepo ngakhale akutsitsireni mtengo chotani.