Dzina la Esther likataya chilembo

Madzi akasefukira m'chigwa cha Shire, monga zinachitikira nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, anthu akangofika kumtunda ntchito yotsatira imakhala kalembera. Mayina a kumisasa ngati ya ku Bangula amathera mu kompyuta, mizere masauzandemasauzande. Wina analemba Chikhwawa, wina Chikwawa. Kukonza mzere umodziumodzi n'kugonera pomwepo, ndiye odziwa kompyuta amathamangira sed, pulogalamu imene Lee McMahon analemba ku Bell Labs cha m'ma 1974. Ukalemba lamulo limodzi, fayilo yonse yasintha.

Koma sed siimodzi. Ya pa Ubuntu ndi ma Linux ambiri ndi ya GNU, pomwe ya pa Mac inachokera ku BSD. Lamulo la sed -i 's/Chikhwawa/Chikwawa/' mayina.csv limayenda bwino pa Ubuntu, koma pa Mac limakana, chifukwa kumeneko -i imadikira kuti uiuze kaye mathero a dzina la kope losunga. Wa Mac akalemba -i '' zimamuyendera, mnzake wa Ubuntu akakopera zomwezo n'kukanidwanso. Kulemba -i.bak molumikiza kumagwira konsekonse, ndipo fayilo yakale imatsala.

Kukana kotereku sikundiopsa, poti kompyuta yadandaula ndipo munthu wadziwa. Chondiopsa ndi pamene imvera mosokoneza, osanena kanthu. Mafayilo ochokera pa Windows amakhala ndi kachizindikiro kosaoneka kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo ambiri amakachotsa ndi s/\r$//. Sed ya GNU imadziwa tanthauzo la \r. Ya pa Mac zakale siidziwa: imangoona chilembo r, n'kuchidula paliponse pamene chatsekera mzere. Ngati mzerewo ulibe kachizindikiro kaja ndipo dzina ndilo lili kumapeto, Esther asanduka Esthe, Peter asanduka Pete.

Wina ati n'kachilembo chabe. Koma mayi wochokera ku Makhanga, amene nyumba ndi munda zinapita ndi madzi, akaima pamzere wolandira ufa ndipo dzina la pamndandanda n'kusiyana ndi la pachiphaso cha unzika, amene avutike kufotokoza ndi iyeyo. Wolemba lamulo uja sakhalapo.

N'chifukwa chake ndikupempha achinyamata athu a ku Nchalo ndi ku Nsanje amene amatumizirana malamulowa pa WhatsApp: muzinena kompyuta imene munayesera. Wolandira alembe kaye sed --version. Ya GNU idzazitchula yokha, ya BSD idzakana. Akatero ayesere pa mizere 20 yokha, awerenge mayinawo ndi maso ake asanakhudze mndandanda wonse.