Bafa la mchere silingafafanize ngongole

Msuweni wanga wabwerako ku Johannesburg ndi nzeru yatsopano, ndipo chifikireni pa Malomo sanatseke pakamwa. Akuti kumeneko anthu otopa amalipira ndalama nkukalowa m'chibokosi chotseka, muli madzi amchere, nkumayandama mumdima ola lathunthu. Ati ukatulukamo mutu umapepuka ngati wa khanda. Tsono iye akuti Amalawife tikusowa zimenezi, ndipo akusaka anzake oti asonkhe naye mpamba.

Ndisanamutsutse, ndinene zoona zake. Chibokosichi si bodza la asing'anga a m'mphepete mwa msewu ayi. Anachiyamba ndi John C. Lilly ku America mu 1954, pofuna kudziwa zimene ubongo umachita ukamanidwa zoona, zomva ndi zokhudza. Madzi ake ndi osaya, masentimita 25 basi, koma amasungunuliramo mchere wa Epsom wokwana makilogalamu 400 kapena 500, mwakuti thupi silimira, monga zimakhalira pa nyanja ya Dead Sea. Amawatenthetsa kufika madigiri 35, kufanana ndi khungu, mpaka munthu osadziwanso pothera thupi ndi poyambira madzi. Mu 2018 Justin Feinstein ndi anzake ku Tulsa anayesa anthu 50 odwala nkhawa, ndipo anapeza kuti nkhawayo inatsika atangoyandama kamodzi. Koma anayeza za tsiku lomwelo. Kuti munthu anachiriratu, kafukufukuyo sananene.

Ndiye taganizani, abale anga. Makilogalamu 500 ndi matumba khumi a fetereza kulemera kwake! Mlimi wa kuno amene wagona pa mzere kudikira matumba awiri okha, mukamuuze kuti kuli matumba khumi amchere ongosambamo? Nanga madziwo atunga ndani? Si mayi yemwe uja amalawirira ku mjigo tambala asanalire? Nanga magetsi otenthetsera ndi osefera madzi usana ndi usiku, pomwe kuno akazima timangoti zachitikanso? Chinanso chimene msuweni wanga sakuchidziwa nchakuti mchere womwewu, magnesium sulphate, ukayeretsedwa bwino ndiwo mankhwala amene amabaya amayi apakati okomoka ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati tili ndi ndalama zoitanitsira mcherewu, ine ndikuti uyambe wafika kuchipinda chochirira.

Komatu musandimve molakwa. Ine sindili gulu la aja amaseka nkumati nkhawa ndi matenda a azungu, Mmalawi ngolimba mtima. Limenelo ndiye bodza loposa la bafa. Tawaika m'manda angati amuna amene anabwera ku okushoni ya Chinkhoma ndi kapepala kosonyeza kuti fodya yense wapita ku ngongole? Munthu katapila akumutsata pakhomo, ana abwezedwa kusukulu, usiku tulo osabwera, ndipo akati ayankhule timamuuza kuti mwamuna salira. Pamaliro mpamene timayamba kunong'onezana kuti koma masiku apitawa amaoneka wamaganizo. Amaoneka! Nanga tinamufunsa?

Munthu wotereyu mukamutsekera m'bokosi la mdima ola limodzi, potuluka ngongole ija aipeza ili chikhalire pakhonde. Bafalo linapangidwira anthu amene atopa ndi phokoso, mafoni ndi misonkhano, ofuna kuthawa anzawo pang'ono. Wathuyu vuto lake nlina: ali kale yekhayekha pakati pa mudzi.

Ngati tikufuna kutengera za kunja, bwanji osayang'ana pafupi pompa? Ku Harare dokotala wa za maganizo Dixon Chibanda anayamba ntchito ya Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu ovutika mumtima ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Anaziyesa mwa sayansi ndipo zinaoneka kuti zimathandizadi. Zida zake ndi thabwa, mthunzi ndi munthu wophunzitsidwa kusunga chinsinsi. Agogo otere pa Malomo mpaka ku Dowa alipo ambirimbiri, ndipo Zomba kapena Mzuzu kumene kuli zipatala za matenda a maganizo nkutali kwa mlimi wopanda ya basi.

Msuweni wanga ndamuuza maso ndi maso kuti pa bafa lake sindiponyapo ngakhale tambala. Koma akafuna benchi, matabwa a bulugamu ali kuseri kwa nyumba yanga, ndipo kalipentala ndimulipira ndine.