Njinga Yamoto Yakale Ndi Chuma

Anzathu, tikaima pa mlatho wa Samora Machel kuno ku Tete, timaona njinga zamoto zambiri zikuwoloka Zambezi. Zina ndi zakale, za Honda ndi Yamaha, zoyendera maulendo aatali. Ena amaziseka. Ife tikuti ayi, chimenechi ndi chuma.

Njinga yakale yosamalidwa bwino sigwa mtengo msanga. Koma kuno kumatentha, fumbi ndiye losanena. Choncho tizisintha oyilo pa nthawi yake. Tizitsuka sefa ya mpweya. Tcheni isamaume.

Tsopano tikudziwa kulemba. Tikakonzetsa njinga ya kopaletivi, tizilemba tsikulo m'buku. Podzaigulitsa, wogula adzawerenga yekha. Sadzatinyenga pa mtengo. Ndalamazo tidzagulira mbewu ndi feteleza.